Mfiti ya M'kanema

"Ndiye mukuti ndiluke mutu wa yani? Wa mpandowu?" anatero mkazi wa kalipentala, akugogoda mpando wopanda munthu ndi chipeso.

Mpandowo unali pakhonde, kutsogolo kwa galasi lalikulu lomwe mwamuna wake analikhomera kukhoma. Pamenepo ndi pomwe mayiyu ankalukira anthu tsitsi, ndipo Loweruka ngati limeneli amayi odikira ankakhala mpaka pamasitepe. Lero panali ntchentche zokha.

"Tsitsani mawu, mayi. Achemwali ali kuseriku," anatero kalipentala, atatsamira chitseko, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

"Amve kumene, nkhani ndi yawo. Dzana kunabwera mkazi wa aphunzitsi. Ndam'masula theka la mutu, alamu akutulukira ndi tsache. Mayi uja anadzambatuka, n'kuyamba kutola tsitsi lake pansi limodzilimodzi, kulimanga pampango, ulendo. Mutu theka womasula, theka woluka, ngati nkhuku yothawa akuisosola. Mukuseka?"

"Sindikuseka."

"Mukuseka ndi mphuno. Ine ndikuti alamu akakhaleko kwina mpaka mphepoyi idutse. Sindikuwathamangitsa ayi. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo amene ndamva m'mimba ndine."

"Apite kuti? Kuchimuna kwawo anawalanda ndi mbale zomwe, maliro a amuna awo asanazizire n'komwe. Chibale ndi fupa, mayi, sichiola."

"Fupa limatsamwitsanso."

Nkhani yake inali iyi. Chaka chathachi kunabwera anthu a kutauni ndi makamera awo, kudzajambula kanema wa zomwe zinachitika m'deralo kalekale, makolo a kalipentala akadali ana. Ankafuna mayi wachikulire woti asewere ngati wamasiye wonamiziridwa ufiti. Achemwali ake a kalipentala, omwe msewu wonse unkangowatchula kuti Azakhali, anali akatswiri a masewero a kutchalitchi kuyambira utsikana wawo, choncho anasankhidwa iwo. Anthu aja anajambula, n'kupita, aliyense n'kuiwala. Tsopano kachidutswa ka kanemayo kanali kakuyenda m'mafoni. M'kachidutswamo Azakhali anali atagwada, nkhope yodzola phulusa, misozi ili mbwembwembwe, akufuula kuti, "Inde, ndine! Ana aja ndinadya ndine! Onse!" Kankathera pomwepo. Kanema yense panalibe anali atamuona.

Azakhali anatulukira pakona ya nyumba atanyamula beseni la zovala. Analiika pansi, n'kupukuta manja.

"Alamu, foni yanuyo ili nako kanthu kameneko? Aliyense wandiona, mwini wakene sindinadzione."

Mkazi wa kalipentala anazengereza, kenako anawapatsa. Azakhali anaigwira patali ngati munthu wowerenga nyimbo yaing'ono zilembo. Anaonera, n'kupempha kuti awabwezerenso poyambira.

"Ha! Mphuno yanga ndi yaikulu chonchi? Zaka zonsezi simunandiuze bwanji, achimwene?" Anaseka, koma kuseka kuja kunathera panjira. "Koma apa adula. Ndisanavomere ankandimenya. Anandimanga padzuwa, madzi osandipatsa. Panali zambiri. Zonsezo zapita kuti?"

"Ine ndingadziwe? Ine ndikudziwa mpando wangawu basi," anatero mlamu wawo.

Kalipentala anatenga foniyo n'kuyang'ana nkhope ya mchemwali wake itaima pagalasi, kukamwa kuli yasa. Chinamugwira mtima si mantha, koma funso. Iye ankadziwa kuti thabwa silidzidula lokha, ndipo wodula amakhala ndi chomwe akufuna kupanga.

"Ndani angakhale pansi n'kudula kanema wa eni ake, n'kusiya mawu okhawa?" anafunsa. "Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ine ndifufuza."

"Fufuzani. Pobwerako mubwere ndi makasitomala anga."

Lolemba kalipentala anapita kunyumba yoonetsera vidiyo, kuseri kwa msika. Mwini wake anali bambo wowonda, womuti Wamawaya chifukwa m'matumba ake munkatuluka mawaya nthawi zonse. Mkati munali mdima ngakhale unali m'mawa, poti mawindo anawatseka ndi masaka. Mabenchi a mmenemo anakhoma ndi kalipentala yemweyo, ndipo asanakhale anayamba waligwedeza limodzi kuti aone ngati likadali lolimba.

"Kanema wa achemwali anga uja uli naye?"

Wamawaya anasuzumira panja, n'kukoka chitseko. "Akulu, mukufuna kunditsekeretsa malo? Ameneyo analetsa. Akhansala anayenda okha m'mashopu onse. Akuti akunyoza mpingo ndiponso akudzutsa mizimu ya akufa."

"Iwowo anamuonera?"

"Anakamuonera kutauni, tsiku lomwe ankamuonetsa koyamba. Anawaika mpando wa kutsogolo. Akuti anatuluka asanathe, chipewa n'kuiwala."

"Chinawatulutsa n'chiyani?"

Wamawaya anakanda m'khosi. "Inu simudziwa kuti agogo awo a akhansala ndi amene anali tcheyamani wa chipani nthawi imene ija? Mayina anasintha m'kanemamo, koma wosewerayo anamupatsa ndodo ya mutu wa mkuwa ndi kayendedwe kotsimphina. Okalamba onse akangoona adziwa. Nanga chisankho chayandikira chonchi?"

Za tcheyamani ameneyo kalipentala ankangomva kuti ndi amene anabweretsa chigayo choyamba ndi mzere wa masitolo apamsewu.

"Nanga kachidutswa kaja anadula ndani?"

"Anabwera nako anyamata a akhansala, kodula kale. Aliyense wobwera kudzaikitsa nyimbo m'foni, ankati ndizimuikiranso. Ine ndinaona ngati n'kutsatsa malonda." Anayang'ana pansi. "Sindinaganize za Azakhali. Koma taganizani, akulu. Mukauza anthu kuti musaonere chifukwa akunena agogo anga, onse athamangira kukaonera. Koma mukawauza kuti muli mfiti yeniyeni, angayerekeze ndani?"

"Ndiye uli naye kapena ulibe?"

"Suzumire adanka nawo, akulu."

"Ndanka nawo kale. Mfitiyo ikugona m'nyumba mwanga."

Wamawaya anaseka mosafuna. Anati iye analibe, koma mnzake woyendetsa basi akhoza kubwera naye pa fulashi kuchokera kutauni, akamunyengerera bwino. Wamawaya nayenso ankafunitsitsa atamuona, anavomera choncho. Chokhacho, sangamuonetsere pamalo pake.

"Tikaonera kushedi kwanga, titatseka," anatero kalipentala. "Ine, mayi akunyumba, achemwali ndi iwe."

Masabata otsatirawo zinthu zinanka ziipiraipira. Kumjigo amayi ankasiya ndowa zawo pamzere Azakhali akafika, n'kukaima patali ngati akukambirana zina. Ana ankathamanga kudutsa pageti akufuula kuti, "Ndinadya ndine!" Munthu amene anaoda kabati anatuma uthenga kuti wasintha maganizo.

Lamulungu lina mkazi wa kalipentala anati akupita kukaona wodwala, koma anakhotera kutenti ya Mneneri, mlaliki watsopano yemwe ankadzaza bwalo la mpira ndi masipika ake. Ankafuna kumva yekha zomwe zinkanenedwa kumeneko. Anakhala kumbuyo, atafunda mpango mpaka pamphumi. Kutsogolo, pasofa, anakhala akhansala. Mneneri anayenda uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, akunena kuti kamera sinama. Munthu akhoza kuloweza mawu, koma misozi yotere sailoweza. Mzimu womwe unali mwa mayi uja unapeza mpata n'kudziulula wokha. Aliyense woonera kanema ameneyo maso ake adzachita khungu. Amayi ena anagwa pansi n'kumagubuduzika. Pomaliza akhansala anaimirira n'kulonjeza kuti akawasankhanso, tentiyo idzasanduka nyumba ya njerwa.

Mkazi wa kalipentala anabwerako mutu uli wolemera. Anapeza Azakhali atakhala pamasitepe, akusankha nyemba, tsitsi lawo la imvi lili nyankhalala.

"Alamu, takhalani pampandopa. Manja angawa auma posowa ntchito."

Azakhali anamuyang'ana modabwa, koma anakhala. Mlamu wawo anayamba kugawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso. Ankawayang'ana m'galasi mozemba, ngati akufunafuna chinachake pankhope yomwe anali ataiona tsiku ndi tsiku.

"Ndifunse?"

"Funsani. Kapena mukufuna kuona ngati ndili ndi nyanga kunkhongoko?"

"Musatero. Ndikufunsa za misozi ija. Mawu munaloweza, ndamva. Koma misozi ija inachokera kuti? Anakuthirani anyezi?"

"Poyamba ndinkalephera," anatero Azakhali. "Ndinkalira ngati kutchalitchi, kugwira mutu, kugubuduka. Mtsikana wotsogolera kanemayo anati, ayi mayi, zimenezo n'zoseketsa ana. Anandikokera pambali n'kundifunsa ngati pali tsiku lomwe anthu anandinena chinthu chomwe sindinachite, ine n'kusowa pogwira."

"Ndiye munati bwanji?"

"Ndinakumbukira maliro a bambo akunyumba. Inu munali kukhitchini, simunamve. Ndinali m'nyumba ya siwa, mtembo uli apo. Kuseri kwa khoma achemwali awo ankanena kuti, mwamuna wathanzi chonchi angafe bwanji, mkazi wosabereka uja wam'dya. Ankanena mokweza kuti ndimve. Ndipo alamu, ndikuuzeni chodabwitsa. Anthu akakunena onse, iwe uli wekha, tulo osagona, chakudya osadya, umayamba kudzifunsa. Kodi kapena ndinachitadi ndili m'tulo? Ndinangokumbukira zimenezo, kamera n'kuyaka. Misozi inabwera yokha."

Manja a mlamu wawo anaima pamutu paja.

"Simunandiuzepo."

"Munali mutandipatsa kale chipinda. Ndikupatseninso misozi?"

Mkazi wa kalipentala anapitiriza kuluka, koma tsopano pang'onopang'ono. Patapita nthawi anafunsanso, mawu ali pansi. "Nanga mayi weniweniyo, wa kale uja, anali ndani?"

"Agogo ake a mtsikana wotsogolera uja. Amayi ake ndi amene anali kamwana m'nkhaniyo."

"Kamwana kati?"

"Mudzaona nokha. Ndikakuuzani zonse mudzagona pakati pa kanema."

M'sabata yomwe fulashi inafika, mwana wa mayi woyandikana nawo nyumba anadwala. Kanali kamtsikana koyamba kumene kuyankhula, komwe Azakhali ankakalera mayi ake akapita kumsika kukagulitsa makala. Thupi linatentha, kakusanza, kenako kanayamba kukomoka. Mayi ake, m'malo mopita nako kuchipatala, anathamangira kutenti. Mneneri anakagwira pamutu n'kufunsa funso limodzi lokha: kodi mwanayu amadya kwa yani?

Akunyumba kwa kalipentala sanadziwe zimenezi. Masana a tsikulo Wamawaya anali atabwera ndi tivi yake atayikulunga m'bulangete, n'kuiika pabenchi yopalira matabwa. Shediyo inali ya malata, yomatirira kunyumba, chitseko chake chachikulu choyang'ana kubwalo. Anasesa utuchi, n'kuyala matabwa pazidebe za penti kuti akhalepo. Wamawaya akulumikiza mawaya ake, anamva nyimbo ikubwera mumsewu.

Sinali nyimbo ya maliro kapena ya ukwati. Inali nyimbo ya kutenti, koma yoimbidwa mothamanga, mapazi akugunda pansi. Kalipentala anasuzumira pampata wa malata.

"Akubwera kuno," anatero.

Gululo linalowa pageti osaodira. Patsogolo panali mkulu wa mpingo wa Mneneri, atavala mkanjo woyera, kumbuyo kwake mayi wamakala atabereka mwana wake, maso atatupa ndi kulira. Ena onse anali nkhope zodziwika: wogulitsa nyama, mkazi wa aphunzitsi, anyamata onyamula katundu pamsika, amayi a kumjigo. Ambiri anali ndi miyala m'manja. Ena ankaibisa kumbuyo.

"Tulutsani mayiyo amasule mwanayu!" anafuula mkulu wa mpingo.

Azakhali atamva za mwana anaiwala zonse. Anakankha chitseko cha shedi n'kutuluka. "Mwana watani? Wadwala liti?"

Mwala unachokera kumbuyo kwa gululo, n'kuwapeza pamwamba pa diso. Anakhala pansi mwadzidzidzi, dzanja lili pamphumi. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono, ngati nawonso adzidzimuka kuti zayambadi. Kalipentala anatola thabwa, koma mkazi wake anam'dutsa n'kukaima pakati, chipeso chidakali m'tsitsi lake.

"Mwabwera bwino nonse!" anakuwa. "Inu amayi aphunzitsi, mwabwera kudzamalizitsa mutu uja? Inu ogulitsa nyama, mwala umenewo mukayezera pasikelo? Mwamva kuti alamu anga anavomera. Chabwino. Mwaona kuvomerako. Amene waona zomwe zinachitika asanavomere akweze dzanja."

Panalibe dzanja lomwe linakwera.

"Kanemayo ali umu. Yense, wosadula. Tsegulani chitseko chonse, bambo. Muone kaye, miyala yanu simathawa ayi."

"Musayang'ane!" anatero mkulu wa mpingo, akutambasula mkanjo wake. "Mneneri wanena, woonera achita khungu!"

Anthu anayang'anana. Wamawaya anali atadina kale, ndipo m'shedimo munayamba kumveka kulira kwa belu ndi kwa lole yakale. Makosi anayamba kutalika. Bambo wina wokalamba, mlonda wa pachigayo, anaphimba diso limodzi ndi chikhato n'kuyandikira.

"Ine ndionera ndi limodzi," anatero. "Likafa, nditsala ndi linali."

Wina anaseka. Mnyamata wina anam'tsatira, kenako amayi awiri, kenako onse anakhamukira pakhomo la shedi, a kutsogolo atakhala m'utuchi, a kumbuyo ataima pazala. Azakhali anatsala atakhala pakhonde, kumbuyo kwa anthu omwe anabwera kudzawagenda, akuonera pakati pa mapewa awo.

Kanemayo anayamba ndi chaka cha chilala. Ana ankafa ndi chikuku, maliro tsiku ndi tsiku. Kenako inafika lole, pamwamba pake pali mlaliki wa belu, wodziwa kununkhiza mfiti. Pambali pa dalaivala panatsika bambo wotsimphina, wa ndodo ya mutu wa mkuwa.

"Ee! Ameneyu ndiye ndikum'dziwa," anatero mlonda uja, dzanja litachoka kale padiso. "Ankayenda choncho kumene."

"Khalani chete, agogo, timve!"

Anaona wotsimphinayo akuyendera mayi wamasiye, yemwe anali Azakhali, kum'pempha munda wake wa m'mbali mwa msewu. Mayiyo anakana mwaulemu, akuti ndi wa mwana wake. Anaona wotsimphinayo ndi mlaliki akudyera limodzi, akutchula mayina, ndipo onse otchulidwa anali okana kupereka malo kapena osabwera kumisonkhano ya chipani. Kutacha belu linalira pakhomo pa wamasiye uja. Khamu linabwera likuimba. Mkazi wa aphunzitsi anayang'ana mwala womwe unali m'dzanja lake ngati wina wam'gwiritsa osam'funsa.

Wamasiye uja anam'manga pamtengo, padzuwa. Anam'menya kuti avomere, iye osavomera. Kenako mlaliki anakoka kamtsikana ka mayiyo, n'kunena kuti ngati mfiti si make, ndiye kuti ndi mwanayu, amangidwe ndi iyeyu. Chingwe chitangokhudza kadzanja ka mwanayo, mayi uja anagwada.

"Inde, ndine! Ana aja ndinadya ndine! Onse! Musiyeni mwanayo!"

Mawu awiri omalizawo panalibe anali atawamvapo. Mayi wina anati, "Mayo ine," n'kugwira pakamwa.

Nthawi yomweyo galimoto inaima pageti. Akhansala analowa ndi anyamata awo, akukankha anthu. Sanalonjere aliyense. Mmodzi wa anyamatawo anazula waya kukhoma, tivi n'kuzima, wina anasolola fulashi n'kuipereka kwa bwana wake.

"Kanema uyu ndi woletsedwa," anatero akhansala, akupuma mofulumira. "Ndi bodza la anthu a kutauni, ofuna kutigawanitsa ndi kunyoza makolo athu omwe anamanga dera lino. Balalikani. Iwe Wamawaya, tionana."

Akanabwera kanema asanayambe, mwina anthu akanawaombera m'manja. Koma munthu sum'landa mbale chakudya chili m'kamwa.

"Aa, bwana, atsala pang'ono kutha!" anadandaula wogulitsa nyama.

"Ngati ndi bodza mukuopanji? Tisiyeni timalize bodzalo!"

"Nanga mwana uja anamusiya?"

Akhansala anaika fulashi m'thumba la jekete n'kutembenuka. Anayenda mofulumira kupita kugalimoto, anyamata awo akuwatchinga. Mkulu wa mpingo anayesa kuyambitsanso nyimbo, koma anaimba mzere woyamba yekha, n'kusiya. Galimoto itachoka, anthu anatsala akuyang'ana tivi yakuda. Kenako mmodzimmodzi anatembenukira kukhonde.

"Azakhali," anatero wogulitsa nyama, mawu ake ali amanyazi, "inu munalimo. Kenako zinatha bwanji?"

Azakhali anachotsa dzanja pamphumi. Magazi anali atatsikira m'nsidze mpaka patsaya. Anawayang'ana onse, mmodzi ndi mmodzi, osafulumira.

"Mukufuna kudziwa?"

"Eya."

"Mwanayo anam'masula. Anam'tenga mayi wina n'kuthawa naye usana womwewo, ndiye anakulira kutali. Make anam'kokera kumunda kwake kuja. Anayamba kugenda ndi mnyamata wa kumbuyo, yemwe nkhope yake sinaoneke. Ena onse anatsatira, poti aliyense ankaopa kuti akapanda kugenda anena kuti nayenso ndi mfiti. Anali anzake a kumjigo. Ena anawalelera ana. Atatha anapita kwawo kukaphika." Anapuma. "Chikuku sichinathe. Ana anapitiriza kufa mpaka kunabwera a katemera. Pamunda paja pamathera kanemayo, akuonetsa akumanga masitolo."

Mlonda wa pachigayo anayang'ana kumsewu, komwe madenga a masitolo ankaonekera pamwamba pa mpanda. Ena anayang'ananso komweko. Penapake kumbuyo mwala unagwa pansi, thi, kenako wina.

Mayi wamakala ndi yekhayo amene sanaonere bwino kanemayo. Anali ataima pambali, akugwedeza mwana kumsana, milomo ikuyenda. Azakhali anaimirira, n'kuyenda masitepe angapo, koma anaima patali.

"Mwanayo mutu wagwera kumbuyo," anatero. "Ine sindim'khudza, mungati ndam'maliza. Koma ameneyo ndi malungo, ndipo afika kumutu. Achimwene, tulutsani njinga."

Mayiyo anayang'ana mkulu wa mpingo. Mkuluyo anali akupinda mkanjo wake, maso ali kwina.

"Mneneri anati ndikapita kuchipatala ndiye kuti ndakayika," ananong'ona mayiyo.

"Kayikani lero, mudzalapa mwana ali moyo," anatero mkazi wa kalipentala, akum'kankhira kunjinga. "Kwerani!"

Kalipentala anapalasa, mayiyo ali pakaliyala, wogulitsa nyama akuthamanga pambali kukankha pachitunda. Anthu ena anayamba kutuluka pageti, aliyense payekha, osayang'anana. Si onse anagonja. Mayi wina wa kumjigo ananena momveka ali pageti kuti utsi sufuka popanda moto, nanga anasankhiranji iyeyu pa amayi onse. Mnzake anavomereza ndi mutu. Wamawaya anakulunga tivi yake m'bulangete, akudziyankhulira kuti malo ake atsekedwa ndithu, komabe anafunsa mlonda uja ngati tcheyamaniyo analidi wotero, awiriwo n'kutuluka akukambirana.

Pabwalo panatsala miyala ili mbwee, ndi amayi awiri. Azakhali anakhala pamasitepe. Mlamu wawo anathamangira m'nyumba, n'kubwera ndi madzi m'beseni ndi kansalu koyera. Anagwada patsogolo pawo.

"Mukudziwa, alamu," anatero Azakhali, akuyesa kumwetulira, "tsiku lojambula zogendazo, miyala inali ya siponji yopaka utoto. Ndikagwa pansi, mtsikana uja ankafuula kuti, basi! Onse ondigenda aja ankathamanga kudzandidzutsa, wina kundisasa fumbi, wina kundipatsa madzi, wina kundifunsa ngati sanandipweteke. Lero mwala utandipeza ndinakhala pansi n'kumadikira. Ndimati wina afuula."

Mkazi wa kalipentala anafinya kansalu kaja. Anagwira chibwano cha mlamu wake ndi dzanja limodzi, n'kuyamba kupukuta magazi pang'onopang'ono, kuyambira patsaya kukwera kudiso.

"Basi, alamu," anatero. "Basi."